Kontentori ya pa Tsangano Sidzaza

Kontentori inafika pamsika wa Tsangano m'mwezi wa Junyu, nkhungu isanachoke m'mapiri, nthawi imene kuzizira kumaluma zala ngati linthumbu. Chinali chibokosi chachitsulo chobiriwira, chachikulu moti ng'ombe ikanagonamo bwinobwino. Anachitsitsa pa kaminyau, chigalimoto chonyamula katundu, anyamata a kampani ina ya ku Tete, imene inkayesa njira yatsopano yotolera zinyalala ku Ulongwe ndi m'misika yozungulira. Anthu anasiya milu yawo ya kachewere n'kukaima mozungulira, manja ali m'khwapa.

Ercília naye anapita, koma chibokosicho sanachiyang'ane n'komwe. Maso ake anali pa woyendetsa kaminyauyo.

Mtsikanayu anali atamaliza desima, kalasi yakhumi, chaka chapitacho, ndipo chimalizireni ankangokhala kumbuyo kwa kachewere wa amayi ake, kuingitsa ntchentche ndi kuyang'ana msewu wa ku Ulongwe ngati pali wina anamulonjeza kuti adzatulukira kumeneko. Panalibe amene anamulonjeza. Koma m'mawa umenewo munthu anatulukiradi, wamtali, wa jekete lonyezimira ndi kampata pakati pa mano, ndipo anzake ankamuitana kuti Tiago.

Tiago anatukula chivundikiro n'kuloza kanthu kakuda kokhala ngati chikho kamene kanamatidwa kunsi kwake.

"Ili ndi diso," anatero. "Kuntchito timati sensori. Limayang'ana pansi n'kuona pamene zinyalala zalekezera. Zikafika m'khosi, kanyali aka kamafiira, uthenga n'kuuluka pa redi ya matelefoni mpaka kwa shefi, bwana wathu, ku Ulongwe. Kompyuta ikaona imati pitani ku Tsangano. Ikapanda kuona sitibwera, sitiwotcha gazolyo pachabe. Mwamva, amayi?"

"Nanga likaona ine ndikusuzumiramo?" anafunsa a Zaida ogulitsa kabichi, mayi amene pabenchi ankakhala okha chifukwa cha thupi.

"Lidzanena kuti mwadzaza kale, amayi."

Msika wonse unagwa ndi phwete, a Zaida omwe. Ercília anaseka mochedwa, chifukwa mawuwo sanawamve bwino. Ankayang'ana manja a mnyamatayo, mmene ankagwirira chitsulo chozizira ngati chinthu chamoyo. Pambuyo pake Tiago anapempha madzi osamba m'manja, ndipo amene anamuthirira anali Ercília, pang'onopang'ono, kuti kapu isathe msanga.

Tiago anabweranso kudzakonza diso lija litayamba kuphethira molakwika, kenaka anabweranso ulendo wina popanda chimene chinawonongeka kwenikweni. Anayenda awiri kuseri kwa msika, kumene kuli mitengo ya mapichesi, ndipo Tiago anamusimbira za mlatho wa ku Tete, za magetsi ake akamagwera m'madzi a Zambezi, za kutentha kumene munthu amagona panja osafunda kanthu. Ercília, amene anakulira m'majuzi awiri, ankamva ngati akumuuza za kumwamba. Posiyana Tiago anamugwira chala chimodzi chokha.

"Kaminyau ikadzabweranso kudzatenga zinyalala, ndidzaonana ndi malume ako," anatero. "Ndalumbira."

Kuyambira tsiku limenelo mtima wa Ercília unasamukira pa kanyali kaja. Akafika m'mawa ankayamba wakaona, akamaweruka ankakatsanzika. Kanali kobiriwira. Mawa lake kobiriwira. Mwezi unatha, wina n'kuyamba, mapichesi anachita maluwa n'kuyoyoka, kanyali kali chibiriwirire.

Amene anapanga diso lija ankadziwa za m'tauni, kumene munthu akadya amataya. Pa Tsangano sataya. Makoko a kachewere ali ndi nkhumba zowadikira. Botolo la pulasitiki limakhala la mafuta ophikira, likabooka limakhala fanelo lothirira, likatheratu amakolezera moto. Thumba long'ambika amasokerera pa linzake. Zotsala zenizeni, masamba a kabichi ofota, tomato wophwanyika, kachewere woola, ndowe za ng'ombe zokoka ngolo, zimenezo zinali ndi mwini wake kalekale, ndipo mwini wakeyo anali a Mateyu, malume ake a Ercília.

A Mateyu anayamba kusesa msikawo atangobwerako ku Malawi nkhondo itatha. Panalibe amene anawalemba ntchito. Iwo ankasesa, zosesazo n'kukhala zawo, ndipo ankakaziwunjika m'dzenje kudimba kwawo kuti zipse zisanduke manyowa. Ena akamalira mtengo wa adubu, feteleza wa kusitolo, kachewere wa a Mateyu ankangotupa pansi. Ndiye kontentori itabwera, panalibe munthu anaikonda kuposa iwo.

"Anthu awa anaganiza," ankatero akukweza zinyalala m'ngolo mbandakucha, ng'ombe zawo zikupuma utsi. "Kale ndinkathamangitsana ndi mbuzi. Lero andiikira pamodzi, n'kuvundikira. Mulungu awadalitse."

Ercília anayesa kupikisana nawo. Ankatola chilichonse panjira, makoko a nzimbe, mapesi, masamba a nthochi, n'kukaponyamo. Tsiku lina anazula udzu wonse kuseri kwa tchalitchi, manja mpaka kutuluka matuza. M'mawa mwake anapeza m'kontentori muli mbee, a Mateyu akumwetulira.

"Ndamva kuti ndiwe ukundithandiza. Sukulu sinakuwononge, mwana wa mlongo wanga."

Akanawauza bwanji? Nkhani ya mwamuna mtsikana sayambitsa yekha kwa malume. Imadzera kwa azakhali kapena kwa agogo, ndipo mwamunayo ndiye amayamba kugogoda. Ercília anangoti zikomo, n'kupita kukalira kuseri kwa milu ya kachewere.

Telefoni anali nayo, yosweka galasi, ndipo redi ikakhalapo ankamuimbira.

"Amor, wapamtima, sindine ndimalamula," Tiago ankatero. "Kompyuta ikuti kwanuko kuli mbee. Ndinyamuka bwanji ndi kaminyau ya eni ake?"

"Bwera Lamulungu. Kwera mota, njinga zamoto zilipo."

"Lamulungu ndiye tsiku lokhalo limene ndimapuma. Dikira pang'ono, idzaza."

Mvula itayandikira, uthenga unabwera kuchokera ku Chidzolomondo, m'boma la Macanga, kumene Adelina, mkulu wake wa Ercília, anakwatiwa. Nazale za fodya zinali zitakula, manja owokera ankasowa, ndipo mwamuna wa Adelina anali woti adzamutenge pa mota mvula yoyamba ikangogwa. Uthengawo unali ndi mchira. A Cornélio, oyandikana nawo nyumba, amene akazi awo anamwalira chaka chatha n'kuwasiyira ana atatu, anali ataona chithunzi cha Ercília mu telefoni ya Adelina, ndipo anafunsa.

"Ali ndi zigafa ziwiri," anatero amayi ake akusankha nyemba palichero. "Samwa. Amapemphera."

"Ndi aakulu ngati bambo anga."

"Bambo ako ali kuti? Ali kumanda. Amenewa ali moyo."

"Ine ndili naye wanga, amayi."

"Wa zinyalala uja?" Amayi sanakweze maso. "Anasiya chikole? Kansalu, kandolo, olo sopo? Anaonana ndi ndani? Ine sindikuthamangitsa, mwana wanga. Akabwera n'kugogoda kwa malume ako mvula isanagwe, ndiuza Adelina kuti afune wina. Akapanda kubwera, ukupita. Sindingasunge mtsikana wamkulu pamsika kuti azidyetsa maso a madalaivala."

Ercília anayang'ana kumwamba. Kunali kukali koyera, koma kumadzulo kwa mapiri mitambo inali itayamba kusonkhana masana aliwonse ngati anthu opangana zoipa.

Anapirira mpaka pamene kupirira kunamukanika. Tsiku lina anawatsatira a Mateyu kudimba, anawapeza akutembenuza manyowa ndi foloko, nthunzi ikufuka m'dzenjemo. Anagwada patali, kenaka anaiwala zonse za mwambo, mawu n'kungotuluka ngati madzi a mumpopi wothyoka. Ananena za diso, za kanyali, za kompyuta, za Tiago ndi lumbiro lake, za a Cornélio ndi ana awo atatu. Pomaliza anati, "Malume, amene mukumutsekera njira ndinu. M'mawa uliwonse mumamubweza ndi ngolo yanu."

A Mateyu anazika foloko pansi. Ercília anayamba kuopa kuti amutemberera.

"Nambewe," anatero potsiriza. Aka kanali koyamba kumuitana ndi dzina la mfunda, ngati munthu wamkulu. "Mwamuna wofuna mkazi amabwera ndi miyendo yake. Sadikira kuti chitsulo chimutume."

"Ndi ntchito, malume. Ntchito za masiku ano ndi choncho."

"Ine ndinakafunsira azakhali ako ku Ntengo-Wambalame pansi, mvula ikugwa, nsapato zili m'manja."

"Malume, chonde."

Anayang'ana dzenje lawo. Linali lisanafike ndi pakati pomwe, ndipo nthawi yobzala inali pakhomo. Anapukusa mutu.

"Chabwino. Ngolo ipume mpaka Loweruka. Kachewere wanga adya chiyani chaka chino, ndidziwa ndine. Muuze mnyamatayo kuti andipeza."

Pamsika chinsinsi sichigona. Lisanalowe dzuwa la tsiku lotsatira, aliyense anali atadziwa chifukwa chimene ngolo ya a Mateyu sinabwerere, ndipo a Zaida anaitenga nkhaniyo ngati ukwati wa mwana wawo.

"Tayani, anthuni, tayani!" ankafuula akuzungulira ndi dengu. "Tikuitana mkamwini! Iwe wa tomato, zoolazo ukusungira ndani? Nkhumba zako zisale kudya sabata ino, nazonso zilape!"

"Mkamwini woitanidwa ndi fungo," anatero wogulitsa nyemba, "ameneyo ndi mkamwini kapena ntchentche?"

"Khala chete, iwe wako unamuitana ndi chiyani? Si kachasu?"

Ercília ankabisa nkhope m'chitenje, koma m'kati mtima unkavina. Anthu anabweretsa makoko a nyemba, mapesi, mauzu ofolera akale, madengu othyoka. Ana a sukulu ankapikisana kuponya. Iye ankaona kale zonse: kaminyau ikutsika phiri fumbi lili m'mbuyo, Tiago akudumpha, kampata kaja kakuonekera, kenaka iye mwini atakhala kutsogolo pambali pake, mphepo yotentha ya ku Tete ikumuvula majuzi limodzilimodzi.

Lachisanu masana kanyali kanafiira.

Poyamba Ercília sanakhulupirire. Anakaphimba ndi dzanja kuti mwina ndi dzuwa. Kanali kofiira ngati khala la moto. A Zaida anaimba nthungululu, ndipo isanathe telefoni inalira.

"Ndaona!" anatero Tiago, ndipo mawu ake analidi osangalala, zimenezo Ercília sanazikayikepo ngakhale pambuyo pake. "Tsangano yakwera pamwamba pa onse. Shefi wati mawa m'mawa. Mwachita bwanji?"

"Usafunse. Ungobwera. Malume akudikira."

Loweruka Ercília analawirira kwa mnzake kukamangitsa tsitsi. Ankangotembenuka, mnzakeyo mpaka kumumenya ndi chipeso. Atavala diresi yake ya pa ubatizo, yomwe inali itayamba kumuthina m'khwapa, anathamangira kumsika kuti kaminyau isamupeze palibe.

Ali chapatali anaona anthu atazungulira kontentori. Chivundikiro chinali chotsegula. A Zaida anali atanyamula jekete lakuda la a Mateyu, limene ankavala pamaliro ndi pa Pasaka pokha. Ndipo m'kontentorimo, mutu ndi mapewa zokha zikuonekera, munali a Mateyu eni ake, akukwera ndi kutsika, kukwera ndi kutsika, ngati akuvina ngoma.

"Malume! Mukutani?"

"Wabwera, Nambewe?" Anapukuta thukuta ndi mkono. "Mwayi wake ndinayamba ndasuzumira. Mukanandichititsa manyazi. Ndinapisa dzanja, linalowa mpaka m'phewa. Munali mphepo yokhayokha umu! Makoko, mapesi, zonse zangoyalidwa pamwamba."

"Koma kanyali kanafiira..."

"Kanyali kadziwa chiyani? Thumba la pa Tsangano unaliona? Timathira, timagwedeza, timatsendera, kenaka timalisokera mutu pamwamba. N'chifukwa chake ogula amachoka ku Beira kudzafuna ife. Ndiye munthu achoke ku Ulongwe ndi chigalimoto chonse, adzanyamule mphepo? Tsiku loti akudzapempha mbeta? Adzati banja ili ndi lonama pa muyezo. Ndathiramo ndi madzi ndowa ziwiri kuti zikhale pansi. Tsopano bweretsani zina, tidzaze zenizeni."

Ercília anasuzumira. Zinyalala za sabata yonse zinali zitatsikira m'munsi, zolimba ngati dothi lopondedwa pomanga nyumba, osafika ndi theka lomwe. Anakumbukira mawu amene sanawamvetsere tsiku lija, akuyang'ana manja m'malo mwa pakamwa: limayang'ana pansi n'kuona pamene zalekezera. Diso silinkadziwa kulemera. Silinkadziwa ulemu.

"Tulukani, malume. Musatseke! Musatseke kaye!"

Koma wogulitsa nyemba, pofuna kuthandiza a Mateyu kutsika, anali atakankha kale chivundikiro. Chinagwa ndi phokoso. Kanyali kanaphethira kawiri, n'kubiriwira.

Zina zoti abweretse zinalibe kochokera. Msika unali woseseka ngati pabwalo la tchalitchi, zonse zinali zitalowa kale mmenemo. Anthu anayang'anana. Telefoni inalira m'dzanja la Ercília.

"Chachitika n'chiyani kumeneko?" Kumbuyo kwa mawu a Tiago kunkamveka injini. "Tinanyamuka kale, tafika pamphambano. Tabuleti yasintha. Ikuti Tsangano ili pansi pa theka, tikhotere ku Domwe."

"Zilimo! Zonse zilimo, angozitsendera! Bwera basi, uli pafupi!"

"Sindingathe. Shefi amaona pamene kaminyau ili. Ndikapitirira mphambano ino popanda lamulo, mawa ndilibe ntchito."

"Muuze shefiyo. Muuze kuti malume..."

"Ndimuuze kuti chiyani, Ercília? Kuti ndikukafunsira?"

"Ima pomwepo. Usakhote. Tidzazanso pompano."

Anaponya telefoni m'manja mwa a Zaida n'kutsegula chivundikiro. Anatola dengu loyamba limene analiona n'kuponyamo, eni ake akukuwa. Anaponyamo makatoni a wogulitsa sopo, mphasa yoyalapo tomato, benchi lothyoka mwendo. Ena anayamba kumuthandiza, ena ankangoseka, kenaka kuseka kunatha ataona nkhope yake. Anathamangira pamalo a amayi ake, anakoka thumba la kachewere wabwinobwino, wosankhidwa, n'kuyamba kulikwekweretsa.

"Ercília, wapenga?" anakuwa amayi.

Diresi inang'ambika m'khwapa, tsitsi linayamba kumasuka. A Mateyu anagwira mbali ina ya thumbalo n'kumuthandiza kukweza. Dzuwa lisanafike pamutu kontentori inali yodzaza mpaka chivundikiro kukana kukhala bwino, ndipo kanyali kanafiiranso.

Ercília anatenga telefoni kwa a Zaida n'kuimba. Sinayankhidwe. Anaimbanso. Ulendo wachitatu Tiago anayankha, ndipo injini sinkamvekanso.

"Tili ku Domwe," anatero.

"Yafiira. Tayang'ana, yafiira!"

"Ndaona. Ercília, tamvera. Kompyuta yaona kudzaza, kutsika, kudzazanso, m'mawa umodzi. Yalemba kuti avariya, kuti diso lawonongeka. Ikatero imachotsa malowo pa ulendo mpaka amisiri akaone."

"Ndiye bwera udzakonze. Kale unkabwera."

"Kale tinali tikuyamba kumene. Pano okonza amachokera ku Tete, ndipo shefi akuti msewu wanuwo mvula ikayamba satumizako galimoto. Mwina mu Abirili."

Ercília anatsamira chitsulo chija. Chinali chitatentha ndi dzuwa, ndipo pansi pake pankadontha madzi akuda a ndowa ziwiri zija.

"Mvula ikagwa ndikupita ku Macanga," anatero. "Ndinakuuza. Kuli munthu anafunsa kale."

Mu telefonimo anamva wina akumuitana Tiago chapatali, ndi kulira kwa chitsulo chikukwezedwa.

"Ku Macanga kulibe makontentori," anatero Tiago, ngati munthu amene akungoganiza mokweza.

"Mawa ndi Lamulungu. Mota zilipo."

"Ndiona, amor. Ndiona mmene zikhalire. Akundiitana."

Anthu anabwerera kumalo awo mmodzimmodzi. Eni madengu anabwera kudzavuula madengu awo mwakachetechete, osamuyang'ana. Amayi ake anatulutsa thumba lawo, anakhala pansi n'kuyamba kupukuta kachewere mmodzimmodzi ndi nsonga ya chitenje, ndipo kusakalipa kwawoko kunapweteka kuposa kukalipa. A Mateyu anakhala pamwala, buluku litanyowa mpaka m'mawondo, jekete lili pamiyendo.

"Ndimafuna aone kuti kuno sitinama," anatero.

Ercília anafuna kukwiya. Anaufunafuna mkwiyowo m'chifuwa monse, koma anangopeza kutopa. Anakhala pansi pafupi nawo.

"Ndikudziwa, malume."

"Mawa ndivalanso jekete. Mwina abwera."

Anavaladi. Atatuluka m'tchalitchi anakakhala pakhonde pawo, mpando wina wopanda munthu uli pambali, ndipo azakhali anapha nkhuku. Ercília anaima pamsewu. Mota iliyonse ikamveka kuseri kwa phiri mtima unkadumpha, ndipo iliyonse inkatulukira itanyamula matumba, kapena mayi ndi mwana, kapena mbuzi yomangidwa miyendo. Telefoni ya Tiago inali yotseka. Madzulo nkhuku ija anadya okha.

Mvula inagwa Lachiwiri masana, yamatalala, yothothola masamba a mapichesi. Fungo la dothi lonyowa, limene chaka chilichonse linkamuchititsa kufuna kuthamanga osavala nsapato, linamufika ngati uthenga wa maliro. Mlamu wake sanachedwe. Anafika pa mota yofiira, matope mpaka m'chiuno, ndipo anakana ngakhale kugona, poti mbande sizidikira.

Amayi anamumangira zovala m'chitenje, n'kuikamo ndi nyemba pang'ono za Adelina. A Mateyu anamuperekeza mpaka pamsewu. Anamugwira paphewa n'kubwerera.

Ulendo wa ku Chidzolomondo ndi wautali, ndipo mvula ikagwa umatalikirako. Anatsika mapiri, anawoloka mitsinje yofiira, nthawi zina akukankha mota. Dzanja limodzi Ercília anagwira chitsulo cha kumbuyo, linalo anafumbata telefoni, akuisuzumira pa chitunda chilichonse. Redi inkabwera n'kuchoka. Penapake inabwera yokwanira, ndipo uthenga unalowa. Unali wa kampani ya matelefoni, wotsatsa mtolo wa mphindi zotsika mtengo. Atadutsa phiri lina redi inachoka osabweranso.

Minda ya kachewere inatha, n'kuyamba ya fodya, mizere yaitali yopanda kanthu, yodikira manja. Anafika dzuwa litapendeka. Adelina anatuluka akuimba nthungululu, mwana ali kumsana, mimba ili kutsogolo, ndipo anamukumbatira akumuuza kuti wanenepa, wakongola, aliyense wakhala akufunsa. Patsidya pa mpanda, pafupi ndi chigafa, bambo wina wa imvi m'ndevu anavula chipewa n'kuchigwira pachifuwa. Sanayandikire.

Amene anayandikira anali ana. Anabwera atatu motsatizana msinkhu, n'kuima patsogolo pake akumuyang'ana kuyambira kumapazi. Wamkulu, mtsikana wa tsitsi losapesa, anali atabereka wamng'ono kwambiri ndi nsalu yaikulu yomukwekwera pansi, imene inkaoneka kuti inali ya mayi wawo.

"Ndinu mwabwera kudzatiphikira?" anafunsa.

Adelina anaseka n'kumuopseza ndi dzanja. Ercília anayang'ana njira imene anadzera, mmene matayala a mota anasiya mzere m'matope, madzi atayamba kale kuufafaniza. Kenaka anaika telefoni m'kati mwa mtolo wa zovala, anawerama, n'kumangitsa mfundo ya nsalu ya mwanayo imene inali pafupi kumasuka.

"Madzi mumatunga kuti?" anafunsa.